Laputopu ya masikirini awiri kapena kungogula monita? Mafunso ndi mayankho

Nkhaniyi nthawi zambiri imayambira pa TikTok kapena YouTube. Munthu watsegula laputopu, wanyamula kiyibodi yonse kuiika pambali, pansi pake patulukira sikirini ina yowala bwinobwino, ndiye amene ukuonerawe mtima dyokodyoko, eti izi ndiye zanga izi. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu a maakaunti, ojambula, olemba mapulogalamu ndi ana asukulu amafunsa akafika pamenepo, ndalama ili m'manja kapena akuyembekeza m'bale wa ku Joni kapena ku UK kuti awatumizire.

Kodi laputopu ya masikirini awiriyo ndi chani kwenikweni? Ndi ija yopinda ngati foni?

Ayi, yopinda ndi ina, ija imakhala sikirini imodzi yokhotetsedwa pakati. Izi tikunenazi ndi magalasi awiri osiyana pa makina amodzi, ndipo zilipo mitundu iwiri imene mungakumane nayo.

Mtundu woyamba ndi wa sikirini ndi theka. Asus anatulutsa ZenBook Pro Duo mu 2019, sikirini yaikulu ya mainchesi 15.6, kenako kasikirini kena kakatali koma kafupi msinkhu kali pamwamba pa kiyibodi, iwo amati ScreenPad Plus. Kuti kasikiriniko kapeze malo anakankhira kiyibodi kutsogolo kwenikweni, touchpad n'kuiika kumanja, moti poika manja palibiretu, ndipo amene amagwiritsa dzanja lamanzere ndiye amangolira. Mtundu wachiwiri ndi wa masikirini awiri athunthu ofanana. Lenovo Yoga Book 9i inatuluka mu 2023 ndi masikirini awiri a OLED, mtundu wa galasi umene kadontho kalikonse kamawala kokha, a mainchesi 13.3, Asus Zenbook Duo ya 2024 ili ndi awiri a mainchesi 14. Kiyibodi yake ndi yochotsa, imalumikizana pa Bluetooth, laputopu mumaiimika pa kasitandi sikirini ina pamwamba ina pansi, kapena kuigoneka chammbali ngati buku lotsegula.

Ndipo si nzeru yatsopano ayi. Lenovo ThinkPad W700ds ya cha m'ma 2009 inali ndi kasikirini ka mainchesi 10.6 kochita kukoka kuchokera kuseri kwa yaikulu, makina olemera pafupifupi makilogalamu 5. Acer Iconia ya 2011 inali magalasi awiri popanda kiyibodi yeniyeni. Microsoft analengeza Surface Neo mu 2019, mpaka lero sinafike mu shopu. Zaka zonsezi makampani akuyesa, ndipo malaputopu ambiri amene anthu akugula akadali a sikirini imodzi.

Osazungulira akulu, ndigule iti?

Monita. Kwa anthu ambiri yankho ndi limenelo basi, ngati laputopu imene muli nayo ikugwira ntchito musaitaye, gulani monita, sikirini ya pa desiki yolumikiza ku laputopu, ya mainchesi 24, kiyibodi ndi mausi, mwamaliza.

Dzifunseni kuti ntchito yolemetsa ija, yofuna mawindo angapo nthawi imodzi, mumaigwirira pati. Ngati ndi pa desiki yomweyomweyo kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, mukulipirira chani sikirini yoyenda nayo pomwe inuyo simuyenda? Ngati sabata ino muli ku Mzuzu, sabata ya mawa mu loji ku Mangochi, kenako mu ofesi ya kasitomala ku Limbe, pamenepo ndiye nkhani yasintha, komabe musanathamangire ya masikirini awiri werengani kaye za monita yonyamula m'munsimu.

Koma masikirini awiri a 14 si ndiye mainchesi 28? Akuposa monita ya 24 amenewo

Apa ndiye pamene anthu ambiri amapusitsikira. Mainchesi a sikirini amayeza kuchoka kona ina kukafika kona ya tsidya, mopingasa, ndiye sungangowaphatikiza ngati ndalama. Tiyeni tiyeze malo enieni. Sikirini ya 14 ngati ya Zenbook Duo ndi pafupifupi masentimita 30 m'lifupi ndi 19 msinkhu, kuchulukitsa ndi cha m'ma 570. Awiri ndi 1,140. Monita ya 24 ndi masentimita 53 ndi 30, kuchulukitsa ndi cha m'ma 1,590. Yokha yokhayo yaposa kale awiri aja, ndipo musaiwale kuti mukaika monita sikirini ya laputopu yanu sinapite kulikonse, ikadalipo pambali, ndiye muli ndi malo pafupifupi kawiri a amene wagula ya masikirini awiri uja.

Wina anena kuti koma timadontho ta OLED ija ndi tambiri, 2880 ndi 1800. Zoona, zithunzi zimaoneka bwino zedi, zilembo zosalala ngati zosindikiza. Koma pa galasi laling'ono choncho zilembo zikanakhala ngati nyerere, ndiye Windows imazikulitsa yokha kufika pa 200%, mapeto ake zimene zikukwana pa sikiriniyo ndi ngati za 1440 ndi 900 basi. Monita ya 24 ya 1920 ndi 1080 imakhala pa 100%, makolamu a Excel amaoneka ambiri kumeneko. Komanso pakati pa masikirini awiri aja pali mpata wa hinji, sipuledishiti yaikulu simungaitambasule osaduka pakati.

Nanga mitengo ikusiyana bwanji?

Ku America Zenbook Duo ya 2024 inayambira cha m'ma madola 1,500, Yoga Book 9i cha m'ma madola 2,000. Monita yatsopano ya 24 yabwinobwino ya IPS, ija mitundu siisintha mukayang'anira chammbali, kumeneko imapezeka cha m'ma madola 100 kapena kupitirira pang'ono. Tsopano muonjezere kutumiza, msonkho wa pa boda, ndi vuto lopeza dola lenilenilo, mukumbukenso kuti mu November 2023 kwacha inatsitsidwa ndi 44% tsiku limodzi ndipo mitengo ya zinthu za makompyuta sinabwererenso.

Chinanso chimene anthu saona, ndalama yochuluka ija ikupita ku magalasi awiri a OLED, osati ku mphamvu ya makina. Pulosesa yake ndi yomweyo imene ili m'malaputopu opepuka otsikirapo mtengo, RAM, malo amene makina amasungamo zimene akugwirapo ntchito panthawiyo, ndi yomatirira pa bodi simungaonjezere, ndiye ngati mwagula ya 16GB ndi yomweyo mpaka kalekale. Ndalama yomweyo mutha kugula laputopu yamphamvu ya sikirini imodzi, monita ya 27, mpando wabwino, chenji n'kutsalako cha bando.

Magetsi akathima monita ija si imangokhala chokongoletsa pa tebulo?

Eya, ndipo apa ndiye pamene laputopu ya masikirini awiri ili ndi mfundo yeniyeni, sitingabise. Amene amalemba za zinthuzi ku Ulaya ndi ku America saiganizira n'komwe nkhani imeneyi chifukwa kwawo magetsi sathimathima, koma ife tikukumbuka 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 kuchoka nthawi imodzi mpaka chaka chotsatira, ndipo abale athu ku Zambia mu 2024 madzi atachepa ku Kariba amatha pafupifupi tsiku lonse opanda magetsi. Monita ya pa desiki ilibe batire. ESCOM akangoti thi, mawindo onse amene munawayala bwino aja amaunjikana pa kasikirini ka laputopu, pomwe mnzanu wa Zenbook Duo akungopitiriza ngati palibe chachitika.

Koma tiyeni tiwerengere kaye tisanagonje. Monita ya 24 ya LED imadya mawati cha pakati pa 15 ndi 25, kutengera mwaiwalitsa bwanji, sikusiyana kwenikweni ndi mababu awiri atatu a LED. Tinene kuti muli ndi kabokosi kosunga magetsi ka 300Wh, kutanthauza kotha kupereka mawati 300 kwa ola limodzi, mukachotsa zotayika mu inveta mutsala ndi cha m'ma 255. Laputopu ikamadya mawati 30 pa ntchito wamba, yokha ikhala maola 8, pamodzi ndi monita ya mawati 20 maola 5. Ndiye ngati kunyumba muli kale ndi sola kapena inveta ndi batire ya galimoto yoonetsera TV, monita siikulemetsani. Ndalama imene mwapulumutsa posagula laputopu yodula ija ikwana kugula kabokosiko, komwenso kazitchaja mafoni, rauta ndi nyali ya ana powerenga.

Kachinsinsi kena, mamonita ena makamaka a LG ndi Samsung magetsi salowa mwachindunji, amadzera mu adaputa yakunja ngati ya laputopu, kutulutsa mavoti 12, 14 kapena 19. Oterewa amisiri a sola amatha kuwalumikiza ku batire popanda inveta, zomwe zimapulumutsa mphamvu. Koma werengani chizindikiro kuseri kwa monita kaye ndipo apange ndi munthu wodziwa, batire ya 12 ikamatchajidwa imakwera kupitirira 14, mutha kuotcha bodi. Ndipo chonde, magetsi pobwera amabwera ndi ukali, kaya ndi monita kaya laputopu, gulani ekisitenshoni yoteteza ija osati ya pa msika yopyapyala.

Batire ya laputopu ya masikirini awiri imakhala nthawi yaitali?

Yocheperapo mukayatsa onse awiri, palibe matsenga apa. Mu laputopu yopepuka sikirini ndi chimodzi mwa zinthu zodya batire kwambiri, ndiye mwaika awiri pa batire imodzi, walira mvula walira matope. Zenbook Duo ya 2024 ili ndi batire ya 75Wh, yaikulu ndithu, ndipo mukaika kiyibodi pamwamba pa sikirini ya pansi imazima yokha, makina n'kukhala ngati laputopu wamba. Maola amene amalemba pa zotsatsa nthawi zambiri ndi a njira imeneyi, akuonetsa vidiyo kuwala atatsitsa, osati masikirini awiri, Zoom, ndi Chrome ya matabu 30.

OLED ili ndi khalidwe lake, kadontho kakuda kamakhala kozimiratu, koyera kamadya kwambiri. Ndiye Word ndi Excel zoyera mbee tsiku lonse ndiye ntchito imene imaipweteka. Ikani dark mode. Kumbukiraninso kuti kiyibodi yochotsa ija nayo ili ndi kabatire kake kofuna kutchaja.

Ikagwa kapena sikirini imodzi ikasweka?

Funso ili ndi limene ine ndimafuna munthu aliganizire usiku wonse asanatumize ndalama. HP, Dell kapena Lenovo wamba ya 14 kapena 15.6 ikasweka sikirini, mumapita kwa amisiri mu taoni, Lilongwe kaya Blantyre, amavundukula mulu wa malaputopu akufa, madzulo mwatenga makina anu akugwira ntchito, chifukwa magalasi amenewo ndi ofanana m'makina ambirimbiri. OLED ya touch yomatidwa ku galasi, ya makina amene m'dziko muno mwina alipo owerengeka, mmisiri aipeza kuti? Ndi zoitanitsa kunja, kudikira masabata, pa mtengo woti mutha kugula laputopu ina. Ndipo sikirini ya pansi ija ndi denga la makina onse, pansi pake ndi pamene pali bodi ndi batire, ndiye ngakhale kungosintha batire kumafuna munthu wa manja ofatsa.

Ganiziraninso fumbi la mwezi wa October. Kamchenga kamodzi kakatsalira pakati pa kiyibodi ndi galasi, inu n'kutseka, kuika mu bagi, kukwera minibasi anthu anayi pa mpando bagi ili pa miyendo wina wakutsamirani, mukatsegula mupeza mzere. Warante musaidalire musanafunse ngati imagwira ntchito kunja kwa dziko limene makinawo agulidwa komanso ndani alipire kutumiza.

Monita ikafa, yafa yokha. Laputopu ikugwirabe ntchito, mafayilo anu ali bwinobwino. Laputopu ikabedwa kapena ikakalamba, monita ikudikira ina. Monita yabwino imatha kuona malaputopu awiri atatu akubwera ndi kupita.

Ija amati burn-in, chithunzi cha taskbar kutsalira ngati chipsera pa OLED, ilipodi koma makina atsopano ali ndi njira zochepetsera, musaiope kwambiri. Ingobisani taskbar ndipo musasiye sikirini yowala pa chithunzi chimodzi tsiku lonse.

Ndamva za monita yonyamula mu bagi. Imeneyo bwanji?

Imeneyo ndiye njira ya pakati imene anthu oyendayenda ambiri imawakwanira. Ndi kagalasi kopyapyala ka mainchesi 14 kapena 15.6, kolemera mochepera kilogalamu, monga Asus ZenScreen, Lenovo ThinkVision M14 ndi ena ambiri a ku China otsika mtengo. Chingwe chimodzi cha USB-C chimanyamula chithunzi ndi magetsi omwe, ndiye imadya batire ya laputopu, mawati osapitirira 10 nthawi zambiri, magetsi akathima siizima. Mwaona? Mfundo yaikulu ija ya laputopu ya masikirini awiri yathera pomwepa, pa mtengo wa monita wamba. Tsiku limene simukuifuna mumaisiya kunyumba bagi n'kupepuka, pomwe Zenbook Duo ndi makilogalamu 1.65 tsiku lililonse kaya mutsegula sikirini yachiwiri kaya ayi.

Zoipa zake zilipo. Zotchipa zambiri siziwala mokwanira, pa khonde masana simuona kanthu, mitundu yake ndi yofuwirira poyerekeza ndi sikirini ya laputopu, kachikuto koimikira kamagwa mukangogunda tebulo, ndipo ndi chinthu china choti muzikumbukira kulongedza. Zija zomata kuseri kwa chivundikiro cha laputopu n'kumakoka chammbali, ena mpaka awiri uku ndi uku, ine sindizikonda, kulemera konseko kumathera pa mahinji, ndipo mahinji ndi amene amayamba kufa pa malaputopu a pulasitiki.

Ndalumikiza pa USB-C koma monita ikungoti No Signal, yandigulitsa yakufa?

Mwina ayi. Si bowo lililonse la USB-C limene limatulutsa chithunzi, ena ndi a mafayilo basi ngakhale maonekedwe ndi amodzimodzi. Lofunika ndi lokhala ndi DisplayPort Alt Mode kapena Thunderbolt, yang'anani pambali pa bowolo ngati pali kachizindikiro ka mphezi kapena chilembo D, kapena lembani dzina lonse la laputopu yanu pa Google muone. Malaputopu otsika mtengo ambiri alibe. Chachiwiri ndi chingwe, chija chotchajira foni sichinyamula vidiyo, gwiritsani chimene chinabwera mu bokosi. Ngati bowo lanu silitulutsa chithunzi, mamonita onyamula ambiri ali ndi mini HDMI, kungoti mufunika chingwe chachiwiri cha magetsi kuchokera pa tchaja ya foni kapena power bank.

Maadaputa nawo ali ndi mbali. Ya HDMI kupita ku VGA siigwira chobwerera, chimodzimodzi chingwe cha DisplayPort kupita ku HDMI. Muuzeni wogulitsa chimene chili pa laputopu ndi chimene chili pa monita, osangoti ndikufuna adaputa.

TV ya pa balaza siingagwire ntchito ya monita?

Ingagwire, chingwe cha HDMI basi, ndipo poyesera ngati sikirini yachiwiri ikuthandizanidi ndi njira yaulere. Koma ma TV ambiri a mainchesi 32 ndi a 1366 ndi 768 ngakhale pa bokosi alembe HD ndi zilembo zikuluzikulu, ndiye galasi lalikulu koma zokwanamo ndi zochepa kuposa pa laputopu, zilembo zophwanyika m'mbali, pakatha ola maso akuwawa. Mausi imachedwa pang'ono chifukwa TV imakometsera chithunzi kaye isanachionetse, pitani mu menyu musankhe Game Mode kapena PC. Ngati m'mphepete mwadulidwa taskbar siikuoneka, fufuzani pamene alemba Just Scan, Screen Fit kapena Overscan. TV ya 4K ya 43 ndiye imagwira bwino ndithu ngati tebulo ndi lalikulu.

Vuto lenileni ndi la pabanja. Ikakwana nthawi ya mpira kapena ana akafuna makatuni, ofesi yatsekedwa.

Ndikufuna ya kaunjika, zija zochokera ku UK. Ndiyang'ane chani?

Musachite manyazi, mamonita a m'maofesi a kunja amene amabwera m'makontena ndi olimba kuposa atsopano ambiri otchipa. Yang'anani a Dell oyamba ndi P kapena U, monga P2419H, kapena HP EliteDisplay monga E243. Amenewa ndi IPS, mitundu siisintha mukayang'anira chammbali, ndipo mwendo wake umakwera, kutsika, ndi kutembenuka kuti sikirini iime chilili, zomwe kwa wolemba mapulogalamu kapena wowerenga mapepala aatali a PDF ndi zokoma kwabasi. Mwayi wina, pulagi ya ku UK ndi yomweyo ya mano atatu imene timagwiritsa ku Malawi ndi ku Zambia, magetsinso ndi omwewo a 230. Ya ku Joni imabwera ndi pulagi ya mano ozungulira, mungosintha chingwe.

Pitani ndi laputopu yanu ndi chingwe chanu, musalole zoti tayesa kale bwana. Tsegulani chithunzi choyera chokhachokha chodzaza sikirini yonse, muone madontho akuda, zigamba zachikasu, kapena mbali ina yoderako. Kenako chakuda chokhachokha, muone timadontho towala ndi kuwala kotuluka m'makona. Kenako chofiira, chobiriwira, cha buluu. Isiyeni yoyaka mphindi 10 kapena 15 mukucheza ndi wogulitsa, zina zimayamba kuphethira zikatentha. Yesani mabowo onse, gwedezani chingwe pang'ono muone ngati chithunzi chikudukaduka, dinani mabatani onse a menyu. Kuseri kuli kapepala kolembedwa mwezi ndi chaka chimene inapangidwa. Yokhala ndi VGA yokha isiyeni pokhapokha mtengo ukhale wongotola. Ngati ilibe mwendo, onani ngati kuseri kuli mabowo anayi a masikuluwu otalikirana masentimita 10, ndiye kuti itha kumangidwa pa mkono kapena pa khoma.

24 ikhale ya 1920 ndi 1080. Mukafuna 27, yesetsani ikhale ya 2560 ndi 1440, chifukwa 27 ya 1080 ndi kungokulitsa zilembo popanda kuonjezera malo.

Khosi ndi msana zimandipweteka, iti ingandithandize?

Laputopu iliyonse ili ndi vuto lobadwa nalo, kiyibodi ikakhala pabwino sikirini ili pansi, ndiye mumawerama tsiku lonse. Chofunika ndi choti m'mphepete mwa pamwamba mwa sikirini mukhale pa mzere wa maso kapena kutsikirako pang'ono, patali ngati kutalika kwa mkono wanu. Monita imachita zimenezi mosavuta, ikafupika ikani mabuku pansi.

Apa ndiyamikeko ya masikirini awiri, mukaiimika ina pamwamba pa inzake, ya pamwambayo imafika pafupi ndi maso kuposa laputopu wamba, ndipo mu loji kapena mu laibulale palibe china chingakupatseni zimenezo popanda kunyamula katundu wambiri. Koma zilembo zake ndi zazing'ono, mumapezeka mwasendera kutsogolo osadziwa.

Ndingaigwiritse pa miyendo, mu basi kapena mu ndege?

Ngati laputopu ya sikirini imodzi, eya. Masikirini awiri amafuna tebulo lolimba komanso lakuya, poika kasitandi kumbuyo ndi kiyibodi kutsogolo. Pa katebulo ka mu ndege kapena pa basi ya Lilongwe–Blantyre iwalani. Mutha kulemba pa kiyibodi ya pa galasi, pa Asus imatuluka mukagunda ndi zala 6, pa Lenovo zala 8, koma kulemba lipoti pa galasi ndi chilango. Ndipo pagulu chinsanja chowalacho aliyense akuwerenga nawo zimene mukulemba, ena akuwerengera mtengo wake.

Ine ndili ndi MacBook

Apple sanapangepo laputopu ya masikirini awiri athunthu, kamzere kaja ka Touch Bar ka 2016 anakasiya. Ndiye kwa inu ndi monita, koma samalani ndi chiwerengero. MacBook Air ya M1 ndi M2 imalola monita imodzi yokha yakunja, ya M3 imalola awiri chivundikiro chikakhala chotseka, ya M4 awiri chili chotsegula. Ngati muli ndi iPad, Sidecar imene inabwera mu 2019 imaisandutsa sikirini yachiwiri kwaulere.

Ndilibiretu ndalama pano, palibe njira ina?

Ilipo. Tabuleti ya Android kapena laputopu yakale imene ikungogona itha kukhala sikirini yachiwiri ndi pulogalamu ya spacedesk, matabuleti ena a Samsung ali ndi Second Screen kale, ndipo Windows 10 ndi 11 ili ndi Projecting to this PC mu Settings. Zimachedwerako pang'ono, za magemu kapena kudula vidiyo ayi, koma poika PDF kapena WhatsApp pambali zimakwana. Yesani sabata imodzi, ena amapeza kuti chimene amafuna si sikirini yachiwiri koma kungogawa imene ali nayo pakati.

Ndiye ndani amene ayeneradi kugula ya masikirini awiri?

Munthu amene zinthu izi zakumana pa iye: laputopu yake yafika kale posintha, amagwirira ntchito malo osiyanasiyana okhala ndi tebulo, ntchito yake ndi yoyerekeza zinthu ziwiri nthawi zonse, ndipo makinawo atafa mawa ali ndi pogwira. Owerengera ndalama za makampani amene sabata iliyonse ali kwa kasitomala wina, womasulira amene chikalata china chili pamwamba china pansi, wophunzitsa pa Zoom amene akufuna nkhope za ophunzira uku masilaidi uku, wojambula ndi cholembera amene akufuna galasi logona pansi ngati pepala. Amene muli ku UK kapena ku Joni, kumene kokonzetsa kuli pafupi ndipo mwina mukukhala m'kachipinda kopanda malo a desiki, kwa inu ndi zomveka kuposa amene ali ku Karonga.

Mukatsimikiza, onani mabowo. Yoga Book 9i ya 2023 ili ndi USB-C atatu basi, palibe HDMI, palibe USB yaikulu ya fulashi, ngakhale polowetsa mahedifoni palibe, ndiye pa wekishopu pulojekita ya HDMI kapena VGA ikakudikirani mufunika adaputa m'thumba. Zenbook Duo ya 2024 ili ndi HDMI, USB yaikulu imodzi ndi pa mahedifoni. A Linux dziwani kuti zokometsera zambiri, monga kuzimitsa sikirini ya pansi mukaika kiyibodi, zimadalira mapulogalamu a kampani a pa Windows. A magemu ndi odula mavidiyo olemera, awiri amenewa alibe khadi ya zithunzi yapadera, si makina anu.

Ndagula monita, ndalumikiza, koma ikungoonetsa zomwezo zili pa laputopu

Dinani batani la Windows ndi P, musankhe Extend. Kenako Settings, System, Display, mupeza timabokosi tiwiri 1 ndi 2, tikokeni tikhale mmene zakhalira pa tebulo panu, apo ayi mausi izituluka kumanzere pomwe monita ili kumanja. Dinani ka monita, chongani Make this my main display, ndipo onani kuti resolution ili pa imene alemba Recommended. Windows ndi Shift ndi muvi zimaponya windo ku sikirini inayo, Windows ndi muvi wokha zimaikankhira ku theka. Mawu akasowa mwadzidzidzi mutalumikiza HDMI, ndiye kuti apita ku monita yopanda masipika, dinani kasipika pa taskbar muwabwezere ku laputopu. Mukafuna kutseka chivundikiro n'kumagwiritsa monita yokha, mu Control Panel pa Power Options sinthani kuti mukatseka isagone, koma laputopuyo musaiike pa bedi kapena pa nsalu, mpweya wotentha uzituluka.